Jakisoni wa patsaya: mukugula zaka zingati?

Ife anthu a kumsika tili ndi chikhulupiriro china chimene sitinachiphunzire kutchalitchi kapena kumzikiti: timakhulupirira jakisoni. Munthu akapita kuchipatala n'kupatsidwa mapiritsi okha, amabwerako atakwinya nkhope ngati amene wagulitsa tomato pa mtengo woodera. "Sanandithandize, angondipatsa timapiritsi." Koma muloleni abayidwe, ngakhale atamubaya madzi a pampopi, amabwera akutsimphina uku mano ali mbee: "Dotolo ameneuja ndiye amadziwa ntchito!" N'chifukwa chake kuseri kwa mabenchi athu sikusowa madotolo a m'chikwama, amene sukulu yawo anaithera poonerera anzawo akubaya nkhuku.

Sabata ino tikambe za jakisoni weni-weni, wa akatswiri a za ubongo, amene singano yake imalowera patsaya n'kukafika pansi pa chigaza. Wandiyambitsa nkhaniyi ndi mayi wina wa geni ya kaunjika amene wandilembera kalata. Dzina lake ndi msika wake ndasunga. Akuti amayi ake, a zaka 68, akhala akuzunzika kwa zaka zinayi ndi ululu wa mbali yakumanja ya nkhope. Mano atatu anazulidwa kale koma ululu uli pomwepo. Mapiritsi amene ankawathandiza tsopano akuwaledzeretsa, gogo akuyenda chodzandira ngati akuchokera kumowa. Mlongo wake wa mayiyu, amene amagwira ntchito ku Johannesburg, wafufuza n'kupeza kuti kumeneko kuli jakisoni wa matendawa, ndiye akuti banja lisonkhe. Mayiyu ndalama ina alibe kupatula mpamba wa mabelo. Funso lake silikuzungulira: "Kodi a bambo, akabayidwa kamodzi ndiye kuti basi zatheratu?"

Yankho lalifupi, mayi, nali: kwa ena zimatheratu, koma kwa pafupi-fupi theka la obayidwa ululu umabwereranso zaka zisanu zisanathe. Yankho lalitali ndi limene likubwerali, ndipo ndapota nanu, werengani lonse musanamasule mfundo ya pachitenje.

Madotolo amawatcha matendawa trigeminal neuralgia. Lilime langa likukana dzina limeneli, choncho ine ndiziti mphezi ya kumaso, popeza odwala eni ake amafotokoza motero. Mbali iliyonse ya nkhope ili ndi mtsempha waukulu umodzi wotenga uthenga kupita nawo ku ubongo. Pano sindikunena mtsempha wa magazi ayi, ndikunena uja wogwira ntchito ngati waya wa magetsi. Uli ndi nthambi zitatu: ina imapita pamphumi ndi kudiso, ina patsaya, pamphuno ndi mano a m'mwamba, yachitatu kunsagwada ndi mano a m'munsi. Ntchentche ikatera patsaya, amakuuzani ndi waya ameneyu. Tsono mwa anthu ena, makamaka amene apitirira zaka 50, ndiponso amayi kuposa abambo, kamtsempha ka magazi kamagona pa wayayu pafupi ndi pamene amalowera muubongo. Mtima ukamagunda, kamtsemphako kamamukhula usana ndi usiku, chaka ndi chaka, mpaka chokutira chake chimasupuka. Amene munaonapo okala ikupsa chifukwa cha mawaya osupuka mwaimva kale nkhani yonse. Uthenga woti "kamphepo kakukhudza" umakafika ku ubongo ngati "wabayidwa ndi mpeni wamoto".

Ululu wake uli ndi khalidwe lake-lake. Umabwera mwadzidzidzi ngati shoko ya magetsi, mbali imodzi yokha, kwa masekondi ochepa, ukatalika mphindi ziwiri, kenaka zii, ngati palibe chachitika. Umadzutsidwa ndi tinthu tachabe-chabe: kutsuka mano, kusamba kumaso, kumeta ndevu, kutafuna chimanga chootcha, kumwetulira kasitomala, mphepo ya mwera kapena chiperoni ya mu June ndi July. Wodwala amayamba kuopa nsima, amawonda, amasiya kusamba mbali imodzi ya nkhope, amaleka kuitanira malonda. Tangoganizani wogulitsa usipa amene sangakuwe! Anzake amayamba kunong'ona, ena akuti wayamba matama, ena akuti am'ponyera chifukwa geni yake imayenda. Abale, dotolo wa ku France, Nicolas André, analemba za matendawa mu 1756, ndipo John Fothergill wa ku London anawafotokoza bwino-bwino mu 1773. Mnzanu wa benchi yoyandikana nanu amene mukum'ganizirayo anali asanabadwe, ndi agogo ake omwe.

Tsoka lake n'loti ululuwu umamveka ngati uli m'dzino, ndiye dzino losalakwa ndilo limayamba kulipira mlandu. Dzino lobooka limawawa mosalekeza, limagunda ngati ng'oma, limakusowetsa tulo, nthawi zina tsaya limatupa. Mphezi ya kumaso siitupitsa, kawiri-kawiri usiku imakusiya ugone, ndipo Panado kaya Brufen siiwaona n'komwe. Dzino likazulidwa koma ululu n'kukhalabe chimodzi-modzi, lachiwiri musapereke. Mano si kaunjika woti Lachisanu mukaoda ena.

Chinanso, ndipo apa tcherani khutu: matendawa amapita kutchuthi okha. Angathe kukhala chete miyezi ingapo, mwinanso chaka, popanda amene wawachita kanthu. Ndiye amene anagwira wodwalayo komaliza ndi amene amadya ulemu wonse. Sing'anga amene anatema mphini amalandira mbuzi, mneneri amene anadzoza mafuta amalandira umboni pamaso pa mpingo, wa m'chikwama uja amatchuka mpaka kudepoti. Ululu ukabwerako kutchuthi, onsewa amakhala atasintha nambala. N'chifukwa chake chithandizo cha matendawa sachiyesa ndi sabata yoyamba, amachiyesa ndi zaka. Sikelo yomweyo tiikepo ndi jakisoni wa akatswiri, osamunyengerera chifukwa choti amavala zoyera.

Chithandizo choyamba ndi mapiritsi otchedwa carbamazepine, ena amawadziwa kuti Tegretol, omwe aja amapatsidwa kwa odwala khunyu. Anayamba kuwagwiritsa ntchito pa ululu umenewu ku Sweden mu 1962, ndipo mpaka lero ndi amene dotolo amayambira. Kupatsidwa mankhwala a khunyu sikutanthauza kuti muli ndi khunyu. Ntchito yake ndi kuziziritsa waya amene akuthetheka. Ambiri amathandizika ndithu. Vuto n'loti zaka zikamapita ena amafunika kuonjezera mlingo, ndipo mlingo ukakwera kumabwera chizungulire, tulo ta masana ndi kuona zinthu ziwiri-ziwiri, monga zikuwachitikira gogo a m'kalata muja. Mankhwala amenewa si ogula pabenchi pakati pa machesi ndi sopo. Munthu akangoyamba kumwa n'kutuluka zidzolo, kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, athamange kuchipatala tsiku lomwelo. Amayi a kulera dziwani kuti carbamazepine amafooketsa mapiritsi olerera ndi kaja koika pamkono. Amene mukumwa ma ARV okhala ndi dolutegravir uzani a kuchipatala, chifukwa mankhwala awiriwa amalimbana m'thupi ndipo mlingo umafunika kukonzedwa. Nkhani ya singano kapena mpeni imayamba pokhapokha mapiritsi akalephera, kapena thupi likawakana.

Nzeru yobaya mtsemphawu si yalero. Cha m'ma 1912 madotolo monga Wilfred Harris wa ku London ndi Fritz Härtel wa ku Berlin anali akulowetsa kale singano patsaya n'kuthira mowa waukali, woposa mutu wa kachasu, pa mfundo ya mtsemphawo. Ululu unkathadi, koma mowa susankha: unkawotcha chilichonse chimene wakumana nacho, ndipo ena ankatsala ndi nkhope yakufa mbali imodzi. Mowawo anausiya, koma njira yolowetsera singano imene Härtel anapeza ndi imene akutsatabe.

Masiku ano akamati jakisoni wa matendawa, kawiri-kawiri amanena wa glycerol, ndipo ameneyu anapezeka mwangozi. M'zaka za m'ma 1970, pa chipatala cha Karolinska mumzinda wa Stockholm ku Sweden, katswiri wotchuka Lars Leksell anali ndi makina otchedwa Gamma Knife, owotcha kamalo kochepa m'kati mwa mutu popanda kung'amba. Kuti makinawo asaphonye pankafunika chizindikiro chooneka pa X-ray. Dotolo wina wa pomwepo, Sten Håkanson, ankabaya fumbi la chitsulo chotchedwa tantalum pafupi ndi mtsempha uja kuti likhale chizindikirocho, ndipo kuti fumbilo liyende m'singano ankalisakaniza ndi glycerol. Zodabwitsa, odwala anayamba kunena kuti ululu watha asanafike n'komwe pamakina aja! Zili ngati mwagula chambo n'kupeza kuti pepala lokulungira ndilo la mtengo wapatali. Håkanson anasindikiza zimene anapezazi mu 1981, ndipo njirayi inafalikira m'zipatala za maiko ambiri.

Ena mwayamba kale kuyang'ana timabotolo tanu. Inde, glycerol ndi glycerine yemwe uja mumagulitsa wosakaniza ndi mafuta odzola, chinthu chake n'chimodzi. Koma wa kuchipatala ndi woyengedwa, wopanda madzi, wopanda tizilombo, ndipo luso lonse lagona pa kumene nsonga ya singano ikafike. Iwe wa m'chikwama, ndikukuona. Ukabaya glycerine wa pabenchi patsaya pa munthu, chimene upeze ndi chithupsa, maliro ndi apolisi, motsatana choncho.

Ntchito yeni-yeni imayenda motere. Wodwala amagona chagada ndipo amapatsidwa mankhwala oti asamve kupweteka, kapena omugoneka kwa kanthawi. Singano yotalika pafupi-fupi masentimita 10 imalowera patsaya, zala ziwiri kuchokera pamene milomo imakumana. Imayenda m'kati mwa mnofu osatulukira m'kamwa, kulunjika ku kabowo kobadwa nako ka pansi pa chigaza kotchedwa foramen ovale, kochepa kuposa njere ya nyemba. Dotolo amayenda maso ali pa X-ray, pakuti cha pomwepo pamadutsa mitsempha ikulu-ikulu ya magazi yopita ku ubongo. Kuseri kwa kabowoko kuli kathumba ka madzi m'mene nthambi zitatu zija zimakumana. Singano ikafika m'menemo, wodwala amakhazikidwa tsonga, mutu ataweramitsa, ndipo amathira glycerol wokwana 0.2 mpaka 0.4 ml. Supuni ya tiyi imalowa 5 ml, ndiye tikunena madontho osakwana 10. Wodwala amakhala chiweramire pafupi-fupi maola awiri kuti mankhwala asatayikire kwina, ndipo amatuluka tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Palibe kumeta tsitsi, palibe kusoka, patsaya pamangotsala kadontho ngati walumidwa ndi udzudzu. Ena ululu umatha pompo, ena pamatenga masiku angapo.

Zokoma kumva, eti? Tsono mvetsani chimene madontho amenewa achita m'kati muja. Kamtsempha ka magazi kamene kamakhula waya sanakasunthe, kali pomwepo, kakugundabe. Glycerol wangopsereza wayayo pang'ono kuti uthenga wabodza uja usadutse. Koma thupi la munthu wamoyo silikhala manja lende. Mtsempha wopsererawo umayamba kudzikonza pang'ono-pang'ono, ndipo ukamachira ululu umapezanso njira. Kunena mwa chimsika, jakisoniyu ndi lendi. Mwalipira, mwalowa, mukugona bwino, koma malo si anu, ndipo tsiku limene mwini nyumba adzagogode palibe angakulonjezeni.

Manambala ake alipo. Mu 2008 mabungwe awiri akulu-akulu a madotolo a za ubongo, American Academy of Neurology ndi European Federation of Neurological Societies, anasonkhanitsa zimene zipatala zinalemba za odwala awo. Njira zolowera patsaya ndi singano zilipo zitatu: ya glycerol, yotentha mtsempha ndi magetsi, ndi yoika kabaluni kofinya mtsemphawo kwa mphindi zochepa. Ataziika pamodzi anapeza kuti pa odwala 100 alionse, pafupi-fupi 90 ululu umatha poyamba. Chaka chikatha amene akadali bwino amakhala pakati pa 68 ndi 85. Zaka zitatu zikatha amatsala pakati pa 54 ndi 64. Pofika zaka zisanu, mwa amene anatenthedwa ndi magetsi otsala anali pafupi-fupi 50. Ndipo mwa njira zitatuzi, ya glycerol ndi imene madotolo ambiri aona kuti ululu umafulumira kubwerera, ngakhale kuti imavulaza nkhope mocheperapo poyerekeza ndi yotentha ija.

Tiike pa benchi kuti tione bwino. Anthu 10 abayidwa lero. Asanu ndi anayi apita kwawo akuvina, mmodzi watsala akudandaula. Mukawaitana onse patapita zaka zisanu, pafupi-fupi asanu mudzawapeza ayambiranso mapiritsi kapena ali pa mzere wa singano ina. Asanu enawo akudya nzimbe. Palibe dotolo, palibe woombeza, angakuuzeni pa tsiku loyamba kuti amayi anu adzakhala gulu liti.

Kodi pamenepa ndikunyoza jakisoniyu? Kutalitali. Amene sanaonepo munthu wamkulu akulira chifukwa cha phala sangamvetse kuti zaka zitatu zodya nsima mwamtendere n'chuma chotani. Kwa gogo wa zaka 68 amene mapiritsi akum'gwetsa pakhonde, zaka zitatu zopanda ululu ndi zopanda chizungulire si masewera. Ubwino wina n'woti jakisoniyu amatheka kubwerezedwa, ndipo alipo anthu amene abayidwa kawiri kapena katatu. Chimene ndikukana ine ndi kugulitsa lendi ngati kuti ndi poloti.

Ndiye pali mtengo wina umene sulembedwa pa risiti. Walira mvula walira matope: popeza waya wapserezedwa dala, nkhope imachita dzanzi. Lipoti lomwe lija la 2008 likuti pafupi-fupi theka la odutsa m'njira za singanozi amatsala ndi dzanzi lina lake. Kwa ambiri ndi lochepa, ngati lija la pozula dzino, ndipo limanka lizilala miyezi ikamapita. Kwa ena limakhazikika. Munthu amadziluma tsaya osadziwa, tiyi wotentha amam'psereza mlomo, kambewu ka mpunga kamakhala pamlomo iye osamva mpaka mdzukulu am'kodole. Ndipo taonani kuvuta kwa malondawa: madotolo aona kuti amene atsala ndi dzanzi pang'ono ndi amene kawiri-kawiri amakhalitsa opanda ululu. Amene nkhope yake yatuluka yamoyo kotheratu amasangalala lero, koma ndi amene mphezi imakonda kum'bwerera msanga. Zonse ziwiri simungazitenge pa mtengo umodzi.

Chimene chikutikhudza kwambiri ife a kumsika ndi diso. Mwa odwala 100 a njira za singanozi, pafupi-fupi anayi diso la mbali yobayidwayo limasiya kumva. Limaona bwino-bwino, koma kachitsotso kakagweramo silimva, siliphethira, silitulutsa misozi yokachotsa. Tsono ganizani za wogulitsa makala, wa ufa, wa pachigayo, wa mpunga wopeta, kapena aliyense wokhala pa msika mu October kamvulu-mvulu akamadutsa. Kamchenga kamakanda diso tsiku lonse mwini wake akuwerenga chenji. Mapeto ake ndi chilonda m'diso, ndipo chilonda chimenecho chingathe kulichititsa khungu. Amene zam'gwera zoterezi avale magalasi pa fumbi, ayang'ane diso lake pa kalilole m'mawa ndi madzulo, ndipo likangofiira apite kuchipatala ngakhale sakumva kuwawa. Kusawawako ndiye vutolo.

Palinso tsoka lina losowa koma loipa zedi, limene madotolo amati anaesthesia dolorosa: nkhope yachita dzanzi, ukaitsina siimva, koma m'kati ikuyaka ngati yapakidwa tsabola usana ndi usiku. Limeneli n'lovuta kuchiza kuposa matenda oyamba aja, ndipo limakonda kubwera mtsempha ukaonongedwa kwambiri kapena mobwereza-bwereza. N'chifukwa chake jakisoni wachitatu samuitanitsa ngati mbale yachiwiri ya tchipisi. Zing'ono-zing'ono ziliponso. Ena amatuluka tizilonda pamlomo sabata yoyamba, timatha tokha. Koma kutentha thupi, mutu waukulu ndi kuuma khosi m'masiku oyamba si za kudikira nazo kuche. Kumeneko n'kubwerera kuchipatala usiku womwewo.

Nanga poloti ilipo? Yoyandikirako ilipo, koma ndi ya mpeni. Dotolo wa ku America, Peter Jannetta, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Pittsburgh, anatchukitsa opaleshoni yoboola kachibowo kuseri kwa khutu, kunyamula kamtsempha ka magazi kaja, n'kuika kapilo ka Teflon pakati pake ndi waya. Teflon ndi yemwe uja amapaka m'mapani oti dzira lisakakamire. Apa waya sapserezedwa, choncho ambiri satsala ndi dzanzi. Mu 1996 gulu la Jannetta linasindikiza mu New England Journal of Medicine mbiri ya odwala 1,185, ndipo patapita zaka 10 chichitireni opaleshoni, 70 pa 100 alionse analibe ululu ndipo sankamwa mankhwala. Zaka 10, osati zisanu. Koma kumeneko n'kutsegula mutu: munthu amagonekedwa tulo tofa nato, amakhala m'chipatala masiku angapo, ndipo ndalama yake ndi yokwera. Mwa odwala aja awiri anamwalira opaleshoni itangochitika, ndipo pafupi-fupi mmodzi pa 100 anagontha khutu la mbali imeneyo.

Ndiye madotolo amagawa motere. Munthu wamphamvu zake, amene makina a MRI aonetsa kuti kamtsempha kakupanikizadi waya, amamuuza za opaleshoni, pakuti ali ndi zaka zambiri kutsogolo ndipo sangamalipire lendi ya singano zaka zitatu zilizonse. Jakisoni ndi wa okalamba ofooka, a vuto la mtima kapena matenda ena oti sangapirire tulo ta opaleshoni, amene ululu wawo ukuchokera ku matenda a mitsempha otchedwa multiple sclerosis, ndi amene angoti mutu wanga wokha ayi. Zaka zokha sizigamula. Alipo a zaka 70 olimba kuposa anyamata onyamula matumba.

Tsono mayi wa kaunjika, inu ndi ena onse amene nkhani yotereyi ili pakhomo panu. Ulendo uyambire kuno. Pitani nawo amayi ku chipatala chachikulu, kaya ndi Queens ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, akatsimikize kuti ndi matenda amenewadi. Jakisoniyu amagwira pa ululu wa shoko uja. Ululu wa dzino, wa chimfine cha m'mafupa a kumaso, wa polumikizira nsagwada, kapena kuyaka kosalekeza kumene kumatsala munthu akadwala mashingozi kumaso, zimenezo ndi milandu ina, ndipo kuzibaya glycerol ndi kutaya ndalama mu Mudi. Komanso wodwala akakhala wosakwana zaka 40, kapena ululu uli mbali zonse ziwiri, kapena nkhope yachita kale dzanzi asanabayidwe, kapena khutu layamba kugontha, pamafunika kujambula m'mutu, chifukwa nthawi zina chopanikiza waya chimakhala chotupa. Mwinanso dotolo angathe kungosintha mlingo wa mapiritsi kapena kuyesa ena, monga oxcarbazepine, gogo n'kusiya kudzandira musanagule n'komwe tikiti ya basi.

Zikafika poti singano ndiyo njira, achimwene a ku Johannesburg asachite manyazi pamaso pa dotolo. Safunsa anadya phula. Afunse kuti ndi njira iti mwa zitatu zija ndipo chifukwa chiyani imeneyo. Afunse kuti dotoloyo wabaya anthu angati, ndipo mwa amenewo ndi angati anabwereranso zaka zitatu zisanathe. Afunse mtengo wa jakisoni wachiwiri lero lomwe, woyamba asanabayidwe. Dotolo weni-weni mafunso amenewa samukwiyitsa, amawayembekezera. Amene angakuuzeni kuti "akabayidwa basi mpaka kale-kale" mutengeni ngati mnyamata wa padepoti wogulitsa foni ya "orijino" yokulungidwa m'nyuzipepala.

Za mpamba, maganizo anga ndi awa, mukhoza kuwakana. Mako ndi mako, palibe akutsutsa, koma mpamba umenewo ndi umene udzagule mapiritsi ndi kulipira transipoti ululu ukadzabwerera. Mukaudya wonse pa ulendo woyamba, pa ulendo wachiwiri mudzapita kwa a katapila, ndipo a katapila alibe tchuthi ngati matendawa. Bajeti yanu iwerengere maulendo awiri, ndipo ana onse a gogo asenze, osati amene ali ndi benchi yekha chifukwa ndalama zake zimaoneka ndi maso.

Ululu ukabwerera patapita zaka, si kuti dotolo anaba, si kuti wina waponyanso. Mtsempha wangochira monga tanenera. Nthawi zambiri umayamba ndi timashoko ting'ono-ting'ono pa malo akale pomwe paja. Musadikire kuti ukule. Kwa ambiri mapiritsi aja amene anasiya kugwira amayambanso kugwira, mwinanso pa mlingo wochepa, ndipo angathe kugula miyezi kapena zaka zina singano yachiwiri isanafunike. Ndipo popeza amene adzawaone nthawi imeneyo mwina adzakhala dotolo wina, wa dziko lina, musachoke kuchipatala osatenga kalata yonena tsiku limene anabayidwa, mbali yake, njira imene anagwiritsa ntchito ndi kuchuluka kwa mankhwala. Muimate m'buku la kuchipatala la gogo, ndipo bukulo muliike m'pepala la pulasitiki, kutali ndi denga lodontha.